Madzi Saiwala Khwawa

Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Masiku ano mwambiwu timaunenera munthu amene wabwerera ku khalidwe lake lakale, kapena amene watha zaka ku Joni koma tsiku lina n'kutulukira kwawo. Komatu amene anaupeka anali atayang'anitsitsa mapiri ndi zigwa, n'kuona kuti pamene panadutsapo madzi, ngakhale pataphwa zaka zambirimbiri, padzadutsanso madzi. Kuno ku Dedza tiyenera kuumva momwemo, chifukwa ngozi zambiri zimene timati zogwa mwadzidzidzi zimatsata njira yodziwika kale. Oiwala ndife anthu.

Ambiri a ife timayesa kuti madzi osefukira ndi nkhani ya ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Timati ife tili pamtunda, m'mphepete mwa phiri lotalika pafupifupi mamita 2,200, ndiye madzi angatipeze bwanji? Namondwe wa Freddy anayankha funso limeneli mu Marichi 2023. Mwa anthu oposa 1,000 amene anafa m'dziko muno, ambiri anali okhala m'tsinde mwa mapiri: ku Chilobwe kunsi kwa phiri la Soche, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Matope ndi miyala zinatsika m'makwawa n'kukwirira nyumba. Ku Phalombe sikanali koyamba, pakuti mu Marichi 1991 madzi ochokera m'phiri la Michesi anapha anthu mazanamazana. Nalo phiri la Zomba linachita zomwezo mu Disembala 1946. Wokhala pafupi ndi phiri ali pamene madzi amayambira liwiro.

Nthaka yathu imauza yekha munthu wofuna kuona. Pitani m'khwawa lililonse mwezi wa Seputembala: mupeza mbatatesi, kabichi ndi tomato zitabiriwira mpaka m'mphepete mwenimweni, wina akuumba njerwa pagombe, nyumba yamalata ili chapafupi. Koma pakati pa dimbalo pali chimwala chosalala, choti amuna khumi sangachigudubuze. Chimwalacho sichinamere pamenepo. Anachibweretsa ndi madzi, ndipo madzi amene ananyamula chimenecho sangalephere khoma la zidina. Tsopano onjezanipo kudula mitengo m'nkhalango za Chongoni, Dedza-Salima ndi Mua-Livulezi. Mitengo ikatha, mvula silowanso pansi. Imathamanga pamwamba, kukokolola dothi, n'kutsika ku Khwekhwelere kukagwera abale athu a ku Golomoti ndi Mtakataka kwa Kachindamoto. Sikimu ya mpunga ya Bwanje, yomangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, inaonongekapo ndi madzi a mtsinje wa Namikokwe patangopita zaka zochepa chiitsegulire. Nkhwangwa imalira kumtunda, misozi n'kukagwa kumunsi.

Ena amati zimenezi ndi napolo, kapena ndi chifuniro cha Chauta, munthu sangaziletse. N'zoona kuti palibe angaletse mvula. Koma nkhani ya napolo yomweyo imati chilombocho chikamasamuka kuphiri kupita kunyanja chimakhala ndi njira yake, ndipo wanzeru akaimva amaphunzira kusamanga pa njirayo. Ngakhale wopemphera kwambiri amafolera nyumba yake mvula isanagwe. Ena amadandaula kuti a zanyengo amatha kuchenjeza koma osachitika kanthu. Zimaterodi, koma kugona usiku umodzi pasukulu pachabe n'kwabwino kusiyana ndi kukumba m'matope kufunafuna mwana.

Chodandaula chachikulu ndi umphawi, ndipo sichofunika kuchipeputsa. Anthu achuluka, minda yachepa, ndipo wootcha makala kapena wolima m'mbali mwa mtsinje amatero chifukwa ana afuna nsima lero. Kumuuza kuti samuka popanda kumuonetsa malo ndi kum'nyoza. N'chifukwa chake udindo woyamba uli pa amene amagawa malo ndi kusunga malamulo. Mfumu isagawe malo omangapo nyumba m'khwawa, ngakhale wopemphayo ndi mphwake. Khonsolo ya boma ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA, yomwe ili ndi lamulo la 2023, zisamadikire kudzaoneka ndi matumba a ufa ndi mabulangete maliro atachitika. Ndipo pali zambiri zosalira ndalama: kulima mizere yopingasa motsata akalozera, kuika ngonyeka, kudzala vetiva ndi nsungwi m'magombe, kusiya zitsa kuti ziphukire, ndi kugwirizana za malo othawirako komanso za woimba belu kapena wenzulo mtsinje ukayamba kulira usiku.

Choncho mudzi uliwonse, mvula isanayambe, uitane agogo amene akumbukira kumene madzi anafika m'zaka za mvula yoopsa. Ayende ndi achinyamata, aloze malowo, pazikidwe zikhomo, ndipo a komiti ya m'mudzi alembe. Mafumu, aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, ntchito imeneyi ndi yanu, ndipo nthawi yake ndi yachilimwe.