Nyali ya Siginala

Kodi mphunzitsi wa kukoleji ali ndi ngongole yanji kwa wophunzira wake, kupatula phunziro? Ena amati palibe: wophunzirayo ndi wamkulu, mpatseni mabuku, mayeso amuweruze. Ine ndikukana.

Taganizirani mwana wa msodzi wa ku Ndumbi amene wakwera basi kukayamba koleji ku Songea kapena ku Mbeya. Kupulayimale adaphunzira m'Chiswahili, tsopano zonse zili m'Chingerezi, ndipo ndalama ya ulendo yachokera ku usipa, umene kumeneko amati dagaa. Akalephera mayeso oyamba, sataya mtima chifukwa choti mutu ndi wouma. Chimamufoola ndi manong'onong'o a mumtima akuti malo ano si ake. Buku silingawatontholetse. Amawatontholetsa ndi mphunzitsi wodziwa dzina lake, womufunsa chimene wajombera.

Gombe lino lidaziwonapo zotere. Ku Liuli kuli manda a William Percival Johnson wa mishoni ya UMCA, amene adamwalira mu 1928. Sitima ya mishoniyo, Chauncy Maples, idalowa m'madzi mu 1901 ili ndi malo ophunzirira. Mphunzitsi ndi ophunzira ankagwedezeka ndi mwera umodzi. Nayenso Julius Nyerere, amene mu 1967 adalemba Elimu ya Kujitegemea, anthu ake adamutchabe Mwalimu mpaka imfa.

Komabe chikondi cha mphunzitsi chili ndi ngozi yake. Usiku asodzi akamakoka chilimira, siginala amayatsa nyali, usipa n'kuunjikana pa kuwalako, khoka n'kuwuzinga. Alipo aphunzitsi owala chomwecho. Amamwetulira kuti atamandidwe, kuti apeze wowatumikira, ena kuti mtsikana agule malikisi ndi thupi. Wokhala ndi cholembera chofiira ali ndi mphamvu, choncho wophunzira sangakane momasuka.

Nanga tisiyanitsa bwanji? Tione kumene ubalewo ukuloza. Mphunzitsi woona amalemba ziro pamene payenera ziro, kenako amakhala pansi ndi mwini pepalalo, chitseko chili pululu, kumuonetsa pamene adasochera. Sakondera, sasunga ngongole. Chaka ndi chaka wophunzirayo amamufuna pang'ono kuposa kale, ndipo iye amakondwera nazo.

Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma mwana wako sumulera kuti akhale pakhomo pako mpaka kalekale. Umamulera kuti tsiku lina apalase bwato lake.