Ndime Imagwirizanidwa Khasu Lisanalowe Pansi

Khala apa pamphasa, mdzukulu wanga. Kalata yomwe walandira ija amayi ako andiwerengera, poti maso angawa atopa. Ndamva kuti akuitana ku chikondwerero cha sayansi kutauni, ukafotokozere anthu za udzudzu ndi malungo. Ndakondwa. Koma ndamvanso mzere wa kumapeto uja, woti ndalama palibe, phindu lako ndi lakuti anthu akudziwa. Pamenepo mpamene ndakuitanira. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Unakulira kuno, ganyu ukumudziwa. Munthu akabwera kudzapalira, timayamba tayenda naye m'munda. Timaloza ndime, iye atchula mtengo, ife titsitsako, kenako tigwirizana. Khasu limalowa pansi zonse zitatheka. Amene amayamba kulima asanamve mtengo amabwerera kwawo ndi mbale ya gaga, ndipo alibe poti akadandaule. Safunsa anadya phula.

Ndiye ukafunse. Anthu olowa pakhomo adzalipira? Mwini tenti alandira zake? Nanga wa zokuzira mawu, wophika, mlonda, wojambula? Onsewo akalandira, iwe wekha n'kupatsidwa zikomo ndi botolo la madzi, dziwa kuti ndalama zinalipo, koma dzina lako silinalembedwe pogawa. Chonsecho anthu sadzabwerera tenti. Adzabwerera mawu ako.

Okonza chikondwererochi amawerenga ola limodzi lomwe udzaimirire. Sawerenga masiku omwe ukhale ukukonza zoti ukanene, ulendo wa pabasi, tsiku lomwe usiye ntchito yako. Sawerenga ng'ombe ziwiri zomwe zinatuluka m'khola muno kuti ufike ku yunivesite. Ine ndimaziwerenga.

Usaganize kuti vutoli ndi lathu lokha. Ku England kuli mlembi wa mabuku, dzina lake Philip Pullman. Mu Januwale 2016 anatula udindo wake waulemu pa chikondwerero cha mabuku cha ku Oxford, chifukwa alembi oyankhula kumeneko sankalipidwa pamene ena onse ogwirapo ntchito ankalandira. Chija chinali cha mabuku, koma nthenda yake ndi yomweyi. Iye sanali wosowa. Anakanira anzake ang'onoang'ono omwe sakanatha kukana. Pambuyo pake okonza aja anavomera kuyamba kulipira. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Ndili mphunzitsi ndinkakonda kuuza ana za wasayansi Michael Faraday. Anabadwa mu 1791, mwana wa wosula zitsulo, mmphawi. Ankaphunzira ntchito yomanga mabuku. Mu 1812 munthu wina anamupatsa matikiti okamvera Humphry Davy akuphunzitsa ku Royal Institution mu London. Mnyamatayo analemba zonse zomwe anamva, n'kuzimanga ngati buku, n'kutumizira Davy. Chaka chotsatira anamulemba ntchito pamalo omwewo, ya malipiro. Kumeneko nkomwe kunayambira maphunziro a ana a nyengo ya Khirisimasi mu 1825, omwe akuchitikabe mpaka lero, ndipo Faraday anawaphunzitsa zaka zambiri. Tsono taganiza. Akanamuuza kuti bwera uzithandiza ulere, anthu akudziwa, mwana wa wosula uja akanadya chiyani? Akanabwerera ku mabuku ake. Malo akanatenga mwana wa mwini chuma.

Apa mpamene pagona nkhani, mdzukulu wanga. Ntchito ikakhala yaulere, amaigwira ndi okhuta okha. Pulofesa wa malipiro a pamwezi ndi galimoto yake angathe kuyankhula ulere osamva kanthu. Koma mtsikana wongomaliza kumene, wa lendi ndi abale omuyang'ana, adzavomera kawiri katatu kenako adzasiya. Zaka zikapita, pansanja padzatsala nkhope zomwezomwezo. Mwana wa kumudzi akadzayang'ana sadzaona wofanana naye. Ndiponso ukavomera ulere lero, mawa adzauza mnzako kuti uje uja sanafunse kanthu. Wamutsitsira mtengo osadziwa.

Ndikudziwa undiuza za William Kamkwamba wa ku Kasungu. Ndi zoona. Anapanga makina a mphepo opangira magetsi pakhomo pa makolo ake, mu 2007 n'kukayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha. Omwe anamumva anamuthandiza sukulu, mpaka anakamaliza ku Dartmouth ku America. Kudziwika kunamutsegulira khomo, sindikana. Koma ndi angati anaimapo pansanja n'kubwerera ndi chithunzi chokha? Amenewo sitiwamva, poti palibe amalemba za iwo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Komatu usandimve molakwa, ukasanduke munthu wouma manja. Kuli ganyu, kulinso dima. Pa dima timalimirana, timwa thobwa, mawa tipita kwa wina, ndipo palibe amalemererapo. Aphunzitsi a pasukulu yathuyi akakupempha kuti udzaonetse ana mphutsi za udzudzu m'chitini, bwera, ngakhale wapansi. Kumeneko aliyense wabwera ndi manja ake okha. Kupatsa nkuika. Chomwe ndikukana ndi ganyu wovala malaya a dima, pamene pakhomo pali wotolera ndalama ndipo pakhoma pali zikwangwani za makampani.

Poyankha usapse mtima. Okonza ena ndi anthu abwino, angozolowera kuti wasayansi safunsa. Uwathokoze kaye. Kenako utchule mtengo wako, thiransipoti, ndi pogona ngati ugone. Utchule momveka, osaseka, osapepesa. Zimene mugwirizane zilembedwe, pamodzi ndi tsiku lolipira, chifukwa ndinadikirapo miyezi isanu ndi itatu ndalama ya msonkhano wina, ndipo mpaka lero ikubwerabe. Akati zachepa, amve kuti ungatsitseko, koma asakuuze kuti palibiretu. Ufunsenso anzako oitanidwa kuti awalonjeza zingati. Mukayankhula chimodzi adzakumverani. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Mwina adzakhala chete sabata yonse. Usawaimbire kuti wasintha maganizo. Kuona maso a nkhono nkudekha. Akakusiya, udzudzu sunathe m'dziko muno, adzakufuna ena.

Kalata yowayankha ulembe mawa m'mawa, mutu uli wozizira, ndipo undiwerengere usanatumize. Tsopano kandipatsire ndodo yanga, nsima ikuzizira.