Kodi Kukhala Cete Ndi Bodza?

Palibe mwezi wokomera wogulitsa nyumba koposa mwezi wa October. Pa nyengo imeneyo mzinda wa Lusaka uli wouma gwa, fumbi liri koboo m'miseu, ndipo nyumba iri yonse ioneka ngati inamangidwa pamtunda. Wowerenga ayerekeze mphunzitsi wina amene Boma lamsamutsa kucokera ku Katete. Iye ndi mkazi wake akhala akusunga ndalama zaka 12, naonjezapo ngongole ya kubanki, ndipo tsopano awaonetsa nyumba ya zipinda zitatu ku Kanyama, yofolera malata abwino, makoma ake opakidwa penti watsopano. Mphunzitsiyo afunsa ngati denga lidontha, afunsanso za magetsi ndi za anansi, ndipo mwini nyumba ayankha zoona pa mafunso onsewo. Apatsana ndalama, nagwirana canza. Pofika February madzi alowa pakhomo, cimbudzi cisefukira, ana agona pathebulo, ndipo penti uja ayamba kusupuka, naonetsa mzere wakuda pamene madzi a zaka zapitazo anali kulekezera. Mphunzitsi apita kwa wogulitsa uja ali ndi msunamo, koma iye angoti, "Aphunzitsi, kodi ndinakunamizani pa ciani? Munafunsa za malata, ndinakuuzani. Za madzi simunafunse."

Munthuyo sananene bodza ndi pakamwa pake, ndipo nkhani ikafika kubwalo mphunzitsi akhoza kubwerako cimanjamanja, pakuti malamulo amene dziko lino linalandira kwa Angerezi asenzetsa wogula udindo wakuyang'anitsitsa cimene ali kugula, ndipo oweruza a m'Zambia anena kawirikawiri kuti wogula malo ayenera kufufuza. Ndiponso madzi a ku Kanyama si cinsinsi. Dera limenelo ndi lacidikha, thanthwe liri pafupi ndi nthaka ya pamwamba, madzi a mvula asowa kolowera. Cigumula cacikuru cinagwako m'caka ca 1978, ndipo kolera wa 2017 ndi 2018 anasautsa kwambiri kumeneko. Mwana wa m'Lusaka adziwa zimenezi. Koma mlendo wa ku Katete sazidziwa, ndipo wogulitsa anadziwa kuti sazidziwa. Pamenepo mpamene pagona funso: kodi munthu amene wakhala cete pa cinthu cimene cikadabweza mnzake, ali wosalakwa cifukwa lilime lake silinapotoke?

Funso limeneli nlakale. Cicero, nduna ya ku Roma, polemba za maudindo a munthu m'caka ca 44 Kristu asanabadwe, anafotokoza mtsutso wa anzeru awiri, Diogenes wa ku Babulo ndi wophunzira wake Antipater, pa nkhani ya nyumba yomwe. Nyumbayo anthu aiyesa yabwino, koma mwini wake yekha adziwa kuti iri ndi matenda, mitengo yake njofumbwa, ndipo njoka zioneka m'zipinda zogona. Diogenes anaona kuti wogulitsa aulule zimene lamulo limkakamiza kuulula, asanamize munthu, koma pa zotsalazo ali mfulu, pakuti sanakakamize wina ali yense kugula, ndipo kungakhale kupusa kulengeza pamsika zoipa za malonda ako. Antipater anakana, nati kumleka mnzako alowe m'citayiko cacikuru uli kuona sikusiyana ndi kumsokeretsa dala. Cicero anaima ndi Antipater, nakumbutsa mlandu weniweni. Claudius Centumalus anali ndi nyumba pa phiri lina la Roma, ndipo ansembe oombeza ndi mbalame anamlamula agwetse mbali yake imene inali kuwachinga maso. Iye anafulumira kuigulitsa kwa Calpurnius Lanarius osachula za lamulolo. Wogulayo atalandira lamulo lomwelo anagwetsa, nakasuma, ndipo woweruza Marcus Cato anagamula kuti wogulitsa alipe, popeza anadziwa koma sananene.

Mau a Diogenes sali opanda nzeru konse, ndipo munthu woona mtima sayenera kuwataya msanga. Palibe malonda amene angatheke ngati wogulitsa ayenera kuwerengera wogula msomali uli wonse wadzimbiri. Thomas Aquinas, amene anamwalira m'caka ca 1274, anasiyanitsa bwino pamenepa. Cilema coonekera, monga ca kavalo wa diso limodzi, wogulitsa sakakamizidwa kucichula, malinga atsitse mtengo monga kuyenera. Koma cilema cobisika cimene cidzadzetsa ngozi kapena citayiko kwa wogula ayenera kuciulula, ndipo mwa zitsanzo zake anachula nyumba yofuna kugwa yogulitsidwa ngati yolimba. Tsono zenera losweka la ku Kanyama lidzinenera lokha. Madzi a February sadzinenera m'October. Ndipo penti uja sanali cete ai. Anapakidwa kuti alankhule m'malo mwa mwini wake, nanena kuti khomali silinaonepo madzi. Akuluakulu anaziona kale zotere pamene anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma mkuyu sudzipaka wokha utoto.

Pali mbali ina yolemetsa mtima. Kawirikawiri wogulitsayo si munthu wacuma. Agulitsa cifukwa mkazi wake ali m'cipatala, kapena cifukwa kaloba wamfika m'khosi, ndipo mwina iyenso anagula nyumbayo m'cilimwe kwa wina amene anakhala cete. Akaulula, mtengo utsika, kapena wogula athawa. Angathe kunena kuti, "Ine ndani anandicitira cifundo?" Kusauka kwake nkoona, ndipo kucepetsa mkwiyo umene anthu angakhale nao pa iye, koma sikusintha cimene wacita. Citayiko cinali cake, cinamgwera iye, ndipo wacicotsa pamutu pake ndi kucisenzetsa munthu amene sanamlakwire, namlipiritsanso mtengo wa nyumba youma. Mtengo wotsikawo ndiwo unali mtengo woona wa nyumbayo kuyambira kale. Ndalama zapamwambazo anazitenga m'thumba la kusadziwa kwa mnzake.

Zilema za makoma nzazing'ono poyerekeza ndi zilema za mapepala, pakuti izi sizioneka ngakhale m'dzinja. Ogula ambiri oyamba sadziwa cimene ali kugula. Kuyambira m'caka ca 1975 umwini wosatha wa nthaka unathetsedwa, ndipo lamulo la malo la 1995 liika nthaka yonse ya Zambia m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu. Boma libwereketsa malo kwa zaka zosapitirira 99, ndipo mwini title deed sangapereke malowo kwa wina popanda cilolezo ca Boma. M'makomboni ambiri cikalata cimene munthu ali naco ndi cilolezo ca khonsolo cokhalira pamalopo zaka 30. Ena alibe ngakhale cimeneco; ali ndi kapepala kolembedwa ndi wapampando wa cipani kapena ndi ajenti wa m'mbali mwa mseu, amene anagulitsa puloti yomweyo kwa anthu atatu. Mapeto a mapepala otere anaoneka ku Chingola m'mwezi wa August 2022, pamene khonsolo inagwetsa nyumba zoposa 300 zomangidwa pa malo a bwalo la ndege la Kasompe. Ambiri a iwo amene anaima m'mamawa kuyang'ana mabuloko ao ataphwanyika anali atalipira ndalama kwa munthu wina.

Koma pa nkhani ya mapepala wogula saima nthawi zonse kumbali ya olakwiridwa. Bambo akamwalira osasiya wilo, lamulo la 1989 lipereka nyumba yake kwa mkazi wamasiye ndi ana, ndipo mkaziyo akhalamo moyo wake wonse pokhapokha akakwatiwanso. Woyang'anira cuma ca masiye sangagulitse kanthu popanda cilolezo ca bwalo. Komabe zicitika kuti mbale wa malemu atenga mapepala, nafuna wogula mwakacetecete, nachula mtengo wotsika modabwitsa, nati ndalama zifunika sabata lomwelino. Wogula aona ana akusewera pabwalo, aona mai wobvala zakuda amene sanamuitane pa zokambiranazo, ndipo mtima wake umuuza kuti pali kanthu. Safunsa, cifukwa aopa yankho. Munthu wotere, bwalo likadzamlanda nyumbayo, adzalira kuti ananyengedwa. Koma kukhala cete kwake kunali kwa mtundu womwe uja wa wogulitsa wa ku Kanyama. Uyo anabisira mnzake cimene anali kudziwa, uyu anadzibisira yekha cimene anali kuganizira, ndipo amasiye ndiwo akadalipa.

Ambiri, ndithu, safunsa cifukwa ca manyazi cabe. Kumudzi malo sagulidwa ndi pepala. Mfumu iloza malire, mudzi wonse uona, ndipo mboni zikhala pompo kufikira imfa. Munthu woleredwa motero amva ngati kupempha cikalata nkumuyesa mnzake mbala, makamaka ngati wogulitsa ndi wamkuru pa iye kapena apemphera naye pamodzi. Koma m'tauni mudzi uja palibe, ndipo kaundula wa ku Unduna wa Malo ndiye waima m'malo mwa mfumu ndi mboni zake. Kupita kumeneko kukafufuza dzina lolembedwa pa malowo, ndi kuona ngati anaikidwa cikole kubanki kapena wina analetsa kugulitsidwa kwake, sikunyoza munthu ai. Mneneri Yeremiya anagula munda wa ku Anatoti kwa Hanameli, mwana wa mbale wa atate wake, pa mau a Mulungu mwini, Yerusalemu atazingidwa ndi Ababulo. Komabe anayesa masekeli 17 a siliva pamuyeso, nalemba cikalata, nacisindikiza, naitana mboni, napereka makalata awiri kwa Baruki kuti awasunge m'mbiya. Ubale sunacepe cifukwa ca mbiyayo. Safunsa anadya phula.

Wofunsayo ayenera kukonzeka kutopa. Adzapeza kuti loya afuna malipiro ake, kuti pamalopo pangakhale ngongole zakale za lendi ya nthaka, za khonsolo ndi za madzi, ndi kuti msonkho wosinthira umwini, umene unakwera kufika 8 pa 100 m'January 2025, ngwa wogulitsa, ngakhale ogulitsa ena ayesa kuukankhira kwa wogula. Adzayenda maulendo ambiri ku maofesi, ndipo dzina lake lingacedwe kulowa m'kaundula. Ajenti adzamuuza kuti pali wina wabwera ndi ndalama m'manja. Nthawi zina nzoona, ndipo nyumba yabwino idzampita. Kudekha nako kuli ndi mtengo wake, ndipo sikungakhale cilungamo kubisa zimenezo.

Mphunzitsi uja wa ku Katete wapirira madzinja awiri. Mwana wake wamng'ono akhosomola usiku, mkazi wake sachulanso za nyumbayo, ndipo banki idula gawo lake pa malipiro mwezi ndi mwezi. Tsopano mvula yatha, pansi pauma, ndipo wamanga mtima kuti agulitse. Akaonetsa mzere wakudawo, ndalama zimene adzalandira sizidzakwanira kutseka ngongole. Ajenti wamuuza kuti pali namwino wina wocokera ku Lundazi amene afuna nyumba msanga, ndipo wamlangiza agule zitini ziwiri za penti October asanafike.