Musatenthe mapepala a agogo

Ana inu a kuno kwa Chambe, pali chimene chimandiwawa nthawi zonse tikamagawa katundu wa malemu. Njinga imapeza mwini msanga, wailesi ndi jekete chimodzimodzi. Koma mapepala a pansi pa sutikesi, ofiira ndi ukalamba aja, omangidwa ndi kamphira, amathera pamoto tsiku losesa. Otsala amakulungira zitumbuwa, ena amalume nkupichira fodya. Palibe amene amayamba wawafunyulula kuti aone zalembedwamo.

Ena mwa mapepala amenewo ndi a 1959. Inu 3 Malichi mumaidziwa ngati tsiku losapita kusukulu, koma m'bandakucha wa tsikulo, Bwanamkubwa Robert Armitage atalengeza kuti dziko lili pa chiopsezo, apolisi ndi asilikali adayamba kugogoda m'makomo mwa anthu a chipani cha Nyasaland African Congress. Anthu oposa 1,300 adatsekeredwa osazengedwa mlandu. Ambiri adawaunjika pa Kanjedza ku Limbe, ena adawatengera ku ndende ya Khami pafupi ndi Bulawayo, pamene Kamuzu Banda, Masauko Chipembere, Dunduzu ndi Yatuta Chisiza adakawatsekera ku Gweru. Anthu 51 adaphedwa, ndipo 20 mwa iwo adawomberedwa ku Nkhata Bay tsiku loyamba lomwelo. Sadali asilikali ayi. Adali aphunzitsi, makalaliki, alimi, eni timagolosale.

Boma la atsamunda lidasunga mbali yake bwinobwino. Ngakhale lipoti la Devlin, limene lidadzudzula boma lomwelo chifukwa cholamulira dziko ndi mphamvu za apolisi, lilipo mpaka lero, ndipo mayina a atsogoleri ali m'mabuku a sukulu. Nanga mayi amene adatsala ndi ana, chimanga chisanakhwime m'munda, mawu ake ali kuti? Adakolola ndani chaka chimenecho? Mwamuna wake ankadya chiyani kundende, ndipo adabwera ali wotani? Mayankho ake ali m'kalata yolembedwa ndi pensulo, yodindidwa chidindo cha ndende, mizere ina itafufutidwa ndi woyang'anira. Ali m'chikalata chomutulutsira, m'chithunzi chothothoka m'mbali, m'mbale yachitsulo imene agogo ankakana kuti mwana adyeremo. Zimenezi zikapsa, mbiri yathu idzatsala yonenedwa ndi amene adatitsekera okhaokha.

Mwina muti tizingosunga tokha kunyumba. Ndikumva, ndipo kupereka chinthu chimene bambo ako adachigwira ndi manja awo nkowawa. Koma nyumba zathu mukuzidziwa: chiswe, mbewa, denga lodontha. Mudaona nokha mu Malichi 2023 mmene namondwe wa Freddy adatsitsira matope ndi miyala kuchokera m'phirimu, nkukokolola nyumba m'Mulanje ndi m'Phalombe. Pothawa madzi munthu amanyamula mwana, osati sutikesi.

Malo osungirako alipo. Makalata, zithunzi ndi mabuku a chikumbutso kwawo ndi ku National Archives ku Zomba. Zinthu zogwirika, monga mbale, bulangete kapena chovala, mukafunse ku nyumba yosungiramo zakale ya Chichiri ku Blantyre. Uli ulendo wa tsiku limodzi, kukwera pa Likhubula m'mawa nkubwerako madzulo.

Koma musathamange. Katundu wa malemu si wa munthu mmodzi, choncho yambani mwakhala pansi ndi eni mbumba mpaka mugwirizane. Kenako, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, pitani kwa agogo amene akadali moyo. Amene adali mnyamata kapena mtsikana mu 1959 lero adapitirira zaka 80. Khalani nawo pamphasa, muwapemphe mwaulemu, mutsegule foni yanuyo muwajambule mawu. Akafuna kuyankhula Chilhomwe asiyeni, mudzamasulira pambuyo. Akafika pena nkukhala chete, musawakakamize. Pali zimene munthu adazisenza yekha zaka zonsezi. Lembani papepala lapadera kuti chinthucho chidali cha yani, adamugwirira kuti, adakhala nthawi yaitali bwanji. Mbale yopanda nkhani yake ndi mbale chabe. Pa chikalata chenichenicho musalembepo kanthu, musamatepo selotepi, ndipo musachikutire m'pulasitiki yotentha ija, chifukwa imachiwononga. Chijambuleni kuti banja litsale ndi chithunzi chake, ndipo popereka mupemphe kalata yosonyeza kuti alandira chakutichakuti kuchokera ku banja lakutilakuti. Akabwera munthu ndi ndalama kuti mumugulitse, mukaneni. Ndalamayo idzatha sabata lomwelo, ndipo mdzukulu wanu sadzadziwa kokachifuna.

Si za 1959 zokha. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo idathamangitsira kuno ku Malawi anthu oposa miliyoni, ena kulowera pa Muloza pompa, mpaka mtendere udasainidwa mu 1992. M'mabanja ena muno mukadali makadi olandirira ufa a nthawi imeneyo. Alipo enanso amene adatsekeredwa ku Mikuyu ndi ku Dzaleka dziko litalandira kale ufulu, ndipo zawonso nzoyenera kusungidwa, ngakhale nkhani yake imatiwawa kwambiri poti otsekerawo adali anzathu omwe.

Adzukulu anga, mvula isanagwe chaka chino, pitani kwa agogo mukawapemphe kuti mutsegule nawo sutikesi ija iwo akadali ndi mphamvu zokuuzani kuti pachithunzipo pali ndani.