Mlandu wa Mlembi Amene Sanaone Wodwala

Wansembe ndi Mlevi a m'fanizo la Msamariya timawatsutsa popeza anamuona ndi maso awo munthu wovulazidwa uja ali kwala panjira ya ku Yeriko, namlambalala. Koma nanga mlembi wa ku Capital Hill, amene kalata yoitanitsa mankhwala a malungo yagona patebulo pake mwezi ndi mwezi, kufikira mwana watsirizika m'chipatala chaching'ono cha ku Nsanje kumene mlembiyo sanapondeko chibadwire, tidzati mwazi wa mwanayo uli pamutu pa yani?

Alipo amene adzati alibe mlandu, pakuti tchimo lifuna diso loona ndi mtima wokana. Ine sindikhutira nawo. M'chaputala 6 cha Machitidwe a Atumwi timamva kuti kudandaula kumene kunabuka mumpingo wa ku Yerusalemu kunali kwa kagawidwe ka chakudya, akazi amasiye olankhula Chigiriki atayamba kudumphidwa. Atumwi sanachiritse nthendayo ndi ulaliki wa chikondi. Anauza khamulo lisankhe amuna asanu ndi awiri, Stefano ndi Filipo ali pomwepo, ndipo atapemphera anawasanjika manja, kusonyeza kuti kuwerenga mitanda ya mkate nayonso ndi ntchito yopatulika.

Taziona zimenezi kwathu kuno. Pamene boma linayamba kugawa ma ARV aulere m'chaka cha 2004 ndi thandizo la Global Fund, madokotala anali owerengeka, pakuti sukulu yawo ya ku Blantyre inali itangotsegulidwa mu 1991. Chimene chinasenza ntchitoyo chinali chonyozeka m'maso mwa anthu, ndicho kaundula m'chipatala chilichonse, khadi la wodwala aliyense, ndi oyendera amene ankafika pa miyezi itatu iliyonse kudzawerenga odwala ndi mabotolo otsala, kuti oitanitsa mankhwala asaitanitse molota. Anthu amene tinali titawakonzera kale maliro anadzuka nagwiranso khasu. Koma mu 2013, pamene zinadziwika kuti ndalama zikusololedwa m'thumba la boma (ofufuza a Baker Tilly anadzapeza mu 2014 kuti zinali zoposa K13 biliyoni m'miyezi isanu ndi umodzi yokha), maiko otithandiza anabweza dzanja, ndipo amene analawa kuwawa kwake anali odwala ouzidwa kuti akadzigulire okha mankhwala, chikhalirecho akubawo sanaone nkhope ya mmodzi yense wa iwo. Cholembera chomwe chija chinapulumutsa ndicho chinapha.

Komabe ndisamkhomere mlembi yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Yetero ataona Mose akuweruza anthu kuyambira m'mawa kufikira madzulo sanamtame chifukwa cha khama lake. Anamdzudzula, namlangiza aike akulu oyang'anira zikwi, mazana, makumi asanu ndi makumi. Ife titenga dokotala waluso, timchotsa pambali pa odwala, timpatsa boma lonse aliyang'anire pamodzi ndi bajeti, mafuta a ambulansi ndi malipiro a alangizi a zaumoyo, zinthu zimene sanaziphunzire nkomwe, ndipo zikasokonekera tidabwa. Wosunga nkhokwe ya mankhwala timsiya zaka zambiri wopanda maphunziro, wopanda womuyendera, malipiro ake osafika pakati pa mwezi. Ngati mlembi uja adzafunsidwa za mwana wa ku Nsanje, amene anamkhazika pampandowo osamphunzitsa, nazolowera kusamfunsa kanthu, adzaimirira naye pabwalo lomwelo.