Mau kwa Iwo Amene Analeka Mowa

Werengani 1 Mafumu 19.

Mwezi uno tilankhula ndi inu amene munataya cikho ca kacasu, kapena kuleka kusuta camba, ndiponso ndi a pabanja panu. Tsiku lija munaleka, anthu anakondwera, nayesa kuti nkhondo yatha. Koma inu nokha mudziwa kuti masiku otsatawo ndiwo anawawa koposa: tulo tosadza, mkwiyo pa kanthu kacabe, manyazi pokumana ndi iwo amene muli nao mangawa. Ndipo ena mwa inu afunsa m'mtima kuti, Ngati ndacita bwino, ndibvutikiranji cotere?

Taonani Eliya. Pa phiri la Karimeli anapambana aneneri a Baala pamaso pa anthu onse. Koma Yezebeli atamuopsa, anathawa, nasiya mnyamata wace ku Beereseba, nalowa yekha m'cipululu ulendo wa tsiku limodzi, nakhala pansi pa mtengo, napempha imfa. Mneneri wamkuru anagwa mphwayi atangopambana kumene. Cifukwa cace musayese cisoni canu cizindikiro cakuti Mulungu wakutayani. Tiyeni tione umo anacitira ndi mtumiki wace.

Coyamba, anasamalira thupi lace. Mngelo sanamdzudzula, koma anamleka agone, namdzutsa kawiri kuti adye mkate ndi kumwa madzi. Asing'anga a kucipatala atiphunzitsa kuti mowa ugonetsa ubongo, ndipo ubongo wa munthu wakumwa masiku onse uzolowera kulimbana nao. Ali ngati munthu wokankha citseko cimene wina wacigwira m'kati; wogwirayo akacoka dzidzidzi, wokankhayo agwa cafufumimba. Ndico cifukwa cace manja anjenjemera, thukuta licuruka, ndi mtima ugunda, asanathe maora 24 cilekere mowa. Ena agwa ngati a khunyu. Ena, pakati pa tsiku laciwiri ndi lacinai, asokonezeka mutu, naona zinthu zosakhalapo. Nthenda iyi ikhoza kupha. Munthu wotere musammange ndi zingwe, musamuyese wolodzedwa; mnyamuleni msanga kunka naye kucipatala. Ndipo iye amene wamwa kwambiri zaka zambiri ayambe waonana ndi a cipatala asanaleke. Zoopsazi zitapita, kusowa tulo ndi kulema kwa mtima zikhoza kukhala masabata kapena miyezi, koma zicepa pang'ono pang'ono. Idyani nsima pa nthawi yace, gonani nthawi imodzimodzi usiku uli wonse, gwirani khasu m'mawa. Njala ndi kutopa ndizo zitsegulira mowa pakhomo.

Caciwiri, Mulungu anamfunsa Eliya ku Horebu cimene analikucita kumeneko, namlola anene dandaulo lace lonse, kawiri konse. Zaka zonse zija, mkwiyo ukadza munaumiza m'cikho, cisoni cikadza munatero momwemo. Tsopano cikho palibe, ndipo zonsezi zabwera poyera. Phunzirani kuzichula maina. Cilakolako cikakugwirani, imani, mudzifunse kuti, Kodi ndiri ndi njala? Ndakwiya ndi yani? Ndasungulumwa kodi? Ndatopa? Kawirikawiri mudzapeza kuti cosowa canu si mowa ai. Dziwaninso kuti cilakolako cikwera ndi kutsika ngati mtsinje wa m'dzinja. Mvula ikakoka udzala, koma wodikira pagombe auona ukuphwa. Musapangane naco nkhondo ya caka conse. Cokani pamalopo, imwani madzi, pempherani, yendani kwa mnzanu, kufikira citapita. Ndipo tsiku logulitsa fodya kapena mtedza, musapite nokha kumsika ndi ndalama m'thumba.

Cacitatu, Eliya anayesa kuti watsala yekha, koma anauzidwa kuti alipo anthu 7,000 osagwadira Baala. Ndipo Mulungu anampatsa nchito, nampatsanso Elisa akhale mnzace. M'caka ca 1935, ku Akron m'dziko la America, munthu wina dzina lace Bill Wilson, amene anali ataleka mowa miyezi yowerengeka, anaona malonda ace atalephereka, ndipo cilakolako cinamgwira ali kutali ndi kwao. M'malo mwa kulowa momwera, anafunafuna cidakwa mnzace wakuti alankhule naye, napeza dokotala, Bob Smith. Pa kuceza kwa awiriwa panabadwa gulu la Alcoholics Anonymous, limene lafalikira m'maiko ambiri. Nzeru yao makolo athu anaidziwa kale: mutu umodzi susenza denga. Sankhani munthu mmodzi wosunga cinsinsi, mkuru wa mpingo kapena wina amene analeka kale, amene mukhoza kugogoda pakhomo pace ngakhale usiku. Ndipo maganizo akufuna imfa akadza, monga anadzera Eliya, musagone nao. Muuze munthuyo tsiku lomwelo, mupite pamodzi kucipatala. Ku Mzuzu a St John of God athandiza ogwidwa ndi mowa ndi camba, ndipo ku Zomba kuli cipatala ca nthenda za maganizo. Kumwa mankhwala a dokotala sikutsutsana ndi pemphero.

Nanga inu a mumpingo? Mbale wotere akalowa m'kacisi, musamyang'ane ceuceu ndi kunong'onezana. Muitaneni kumunda, kumaliro, kukwaya, pakuti anasiya anzace onse a kumowa, ndipo madzulo ace ali apululu. Inu amai a m'nyumba, mwapirira zambiri, ndipo sitikuuzani kuti muiwale msanga. Kukhulupirika kumangidwa ngati nkhokwe, nsici imodzi imodzi. Ngati mwamuna akumenyani, kuuza akuru kapena a polisi si cimo.

Potsiriza, mbale amene wagwanso, usanene kuti zonse zatayika. Ambiri amene aima nji lero anagwa kangapo asanalimbike. Funsa cimene cinakugwetsa, uuze mnzako m'mawa mwace, nuyambenso. Iye amene anadyetsa Eliya pansi pa mtengo adziwa kuti ulendo ukukulira, ndipo adzakupatsa cakudya ca lero. Tiwapempherere abale awa ndi maina ao m'mapemphero athu a m'banja mwezi uno.