Ngongole ya madinari 100

Mawu athu akuchokera pa Mateyu 18:21-35.

Petro anafunsa Ambuye kuti m'bale wake akamulakwira amukhululukire kangati, ndipo iye ankaona ngati kasanu ndi kawiri n'kokwanira. Yesu anamupatsa chiwerengero choti munthu sangachisunge m'mutu, kenaka anaphera fanizo la mfumu imene inkawerengera chuma ndi antchito ake.

Panapezeka wantchito wina wa ngongole ya matalente 10,000. Nambala imeneyi timangoidutsa tikamawerenga, koma tiyeni tiime pang'ono. Talente imodzi inali ngati madinari 6,000, ndipo dinari imodzi inali malipiro a waganyu pa tsiku, monga tikuonera pa Mateyu 20. Ndiye kuti munthuyu anafunika kugwira ganyu masiku 60 miliyoni kuti abweze. Josephus, Myuda wolemba mbiri, akuti msonkho wa Yudeya, Idumeya ndi Samariya pamodzi unali matalente 600 pa chaka. Mkuluyu anagwada n'kulonjeza kuti abweza zonse, koma akanazitenga kuti? Mfumu inamumvera chisoni n'kufafaniza ngongole yonse. Sinati azibweza pang'onopang'ono, sinasunge chikole. Chimenechi ndicho chisomo, ndipo ndi zimene Mulungu anatichitira pa mtanda tisanachite chabwino chilichonse.

Atatuluka, wantchito uja anakumana ndi mnzake amene anali naye ngongole ya madinari 100, anamugwira pakhosi n'kukamutsekeretsa m'ndende. Amayi, madinari 100 si ndalama yoseweretsa. Ndi thukuta la miyezi itatu ndi masiku ena. Inu a banki m'khonde mukudziwa mmene zimawawira mnzanu akadya ndalama za gulu n'kumakuzembani ku chigayo. Yesu sakunena kuti zimene anakulakwiranizo n'zazing'ono ayi. Akutifunsa kuti tiziike pafupi ndi zimene ife tinakhululukidwa.

Ndikunena zimene ndinadutsamo. Bambo a kunyumba atatisiya, alamu anga anabwera maliro asanazizire n'komwe, anatenga makina anga osokera ndi malata amene tinkasunga kuti tifolere nyumba. Makinawo ndiwo ankalipirira ana sukulu. Tinali a tchalitchi chimodzi. Kwa zaka zinayi, wansembe akati tipatsane mtendere, ine ndinkayamba kukonza duku mpaka alamuwo atadutsa. Pakapita mphindi zochepa tinkagwada pa guwa limodzi ndi kumwera chikho chimodzi. Pemphero la Ambuye ndinkalinena mokweza ndithu, osamva kuti ndikupempha Atate andiyese ndi muyeso womwe ndikuyesera mnzanga. Yunifolomu inali yochapa bwino, koma mumtima ndinali ndi ndende yanga, ndipo mlonda wosagona tulo ndinali ine ndemwe.

Sindinakhululuke tsiku limodzi. Ndinayamba ndi kutchula dzina lawo m'pemphero, poyamba mokukuta mano. Ndikakumbukira makina aja mkwiyo unkabweranso, ndipo ndinkayambiranso. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake Petro anapatsidwa chiwerengero chachikulu chotere: cholakwa chimodzi chomwecho ungachikhululukire kambirimbiri chisanachoke mumtima.

Pali china choti tisasokoneze, pakuti amayi ambiri avulala nacho. Kukhululuka si kubisa choipa. Pa chaputala chomwechi, ndime 15 mpaka 17, Ambuye akutiphunzitsa kupita kwa wolakwayo kukamuuza kulakwa kwake, akakana titenge mboni, akakananso tiuze mpingo. Mayi amene akumenyedwa tisamuuze kuti angopirira chifukwa ndi Mkhristu. Dziko lathu lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006, ndiponso la 2011 loteteza chuma cha masiye. Mayi angathe kukadandaula ku polisi kapena ku khoti kuti ana ake asagone ndi njala, mtima wake uli wopanda chidani. Chimene tikusiya m'manja mwa Mulungu ndi kubwezera ndi kufunira mnzathu tsoka.

Alamu anga aja anadwala n'kugonekedwa m'chipatala. Gulu lathu linagawana masiku oyendera odwala, ndipo tsiku langa linagwera pomwepo. Ndinafuna kusinthana ndi mnzanga, koma ndinachita manyazi kunena chifukwa chake. Ndinaphika phala n'kupita. Atandiona anatembenukira kukhoma. Ndinati, "Alamu, dzukani mumwe phala lisanazizire." Anamwa pang'ono, misozi ili m'maso, ndipo za makina sitinakambe. Anachira, ndipo Lamulungu loyamba atabwerera ku tchalitchi ndinawapatsa dzanja pa nthawi ya mtendere. Makinawo anali atagulitsidwa kalekale, malata ali pa nyumba yawo mpaka lero, ndipo ndimawaona nthawi zonse ndikamapita ku msika.